Mankhwala ophera udzu ochokera m'nyanja: tisafulumire kuwomba m'manja



Ambiri a ife masiku ano timapopera mankhwala m'munda m'malo mopalira, poti aganyu adakwera mtengo. Koma udzu nawo ukuzolowera. Glyphosate, amene timamudziwa ndi dzina loti Roundup, adayamba kugulitsidwa mu 1974, ndipo pofika 1996 ku Australia kudapezeka udzu wosafa naye. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe asayansi akusakira mankhwala atsopano m'nyanja zamchere.

Nzeru yake ndi yomveka. Ndere ndi siponji zimakhala zitamatirira pamwala, sizingathawe mdani. Kuti zomera zina zisamere pamwamba pake, zimatulutsa poizoni wakewake, Subhanallah. Pakati pa mankhwala a zamoyo za m'madzi pali ena olepheretsa chomera kupanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, monga momwe amachitira mankhwala ena a m'sitolo.

Kafukufukuyu tikumuyamikira. Chomwe tikukana ndi maganizo akuti chinthu chikangotchedwa "chachilengedwe" ndiye kuti sichivulaza. Ku Japan anthu adaona kuti ntchentche zikumafa zikatera pa nyongolotsi ya m'nyanja yomwe asodzi ankawedzera nsomba. Poizoni wake, nereistoxin, ndiye adabala mankhwala ophera tizilombo otchedwa cartap m'zaka za m'ma 1960. Gwero lake ndi lachilengedwe ndithu, komabe amapha nsomba akalowa m'madzi, ndipo munthu akamwa moyo wake umakhala pachiswe. Tilibe chifukwa choganizira kuti ophera udzu adzakhala ofatsa chifukwa choti achokera m'nyanja.

Nkhawa ina ndi ya nyanja yeniyeniyo. Asayansi a ku America, pofufuza mankhwala a khansa otchedwa bryostatin, adavuula tizamoyo toposa matani 10 n'kupezamo magalamu 18 okha. Nanga ofunika kupopera minda ya chimanga ya dziko lonse angatenge zochuluka bwanji? Njira yabwino ndi kuphunzira kapangidwe kake m'nyanja, kenako n'kumawapanga mu labotale.

Ophunzira athu, Biology ndi Chemistry ndiye khomo la ntchito imeneyi. Makolo, mankhwalawa akadzafika m'masitolo, Insha Allah, tidzafunse ngati bungwe la Pesticides Control Board lidawavomereza, ndipo popopera tidzavale zodzitetezera monga tiyenera kuchitira ndi Roundup lero.