Mwazi wa Wobvulala Sulindira Kuti Dziko Lilemere

Pali mau amene afala pakati pa anthu ophunzira a dziko lathu, ndipo ndifuna kutsutsana nao m'nyuzi ino. Akamva za nzeru ina ya cipatala imene sanaione, ayankha msanga nati, "Zimenezo nza maiko olemera, ife tiyambe tagonjetsa malungo." Mau awa amveka ngati a munthu wosamala ndarama za Boma, koma nthawi zina abisa ulesi wa mtima. Ndichula nchito imodzi yokha yotsimikiza ici, ndiyo kuletsa mwazi wa munthu wosweka nkhope.

Tiyerekeze mnyamata wa kabaza, wopanda cipewa colimba, wagunda galimoto ndi nkhope. Mafupa a pakati pa nkhope ndi opyapyala, ndipo kawirikawiri asweka motsata mizere itatu imene dotolo wa ku France, René Le Fort, anailongosola m'caka ca 1901. Kuseri kwa nsagwada ya kumwamba kupita mtsempha wocokera kumtima, wochedwa maxillary, umene nthambi zace zidyetsa mphuno, m'kamwa ndi mano. Pfupa losweka likaung'amba, mwazi uturuka m'mphuno ndi m'kamwa, wina nutsikira kummero. Munthu wamkuru ali ndi mwazi wokwana ngati malita 5, ndipo akataya malita 2 ali pafupi ndi imfa. Coopsya cina ndi ici: wobvulala ameza mwazi wambiri, kotero kuti omyang'anira aona wocepa pa nsaru, osadziwa kuti wina uli m'mimba.

Madotolo ayamba ndi kutsegula njira ya mpweya, pakuti mwazi ukhoza kumtsamwitsa munthu usanathe m'thupi. Pamenepo atsendera nsaru zoyera m'mphuno, nafufumitsa kabaluni kumbuyo kwa mphuno, nabwezera mafupa m'malo mwace, nampatsa mwazi wa anthu ena. Ndibvomera poyera kuti ambiri apulumuka ndi izi zokha. Koma alipo owerengeka amene mwazi wao suleka, cifukwa bala la mtsempha liri m'kati, kumene cala sicifika ndi nsaru sipanikiza. Mlandu wanga uli pa iwowa.

Mtsempha waukuru wa m'khosi ugawika pawiri: nthambi ina ipita ku ubongo ndi ku diso, ina ipita ku nkhope. Njira yakale inali kuceka pakhosi ndi kumanga nthambi ya ku nkhopeyo. Koma mitsempha ya nkhope ilumikizana ngati tinjira ta m'mudzi. Mukatseka mseu, anthu adzera kuseri kwa nkhokwe nafika komwe afuna. Momwemo mwazi udzera mbali yina ya nkhope, nufika pa bala lomwelo. Ndiponso amene wamanga mtsempha wa m'khosi watseka khomo limene mnzace akadalowerapo kukatseka bala penipeni.

Njira imene ndiikira kumbuyo iri yotere. Dotolo abaya mtsempha wa pamwamba pa nchafu, nalowetsamo kapaipi kofewa kochedwa katheta, nakayendetsa m'kati mwa mitsempha kufikira m'khosi, akuyang'ana pa makina a X-ray. Athira mankhwala ooneka pa makinawo, ndipo pomwe mankhwala atayikira kunja kwa mtsempha, pomwepo pali bala. Pamenepo apititsa kapaipi kena kocepa koposa kufikira nthambi yong'ambikayo, naitseka ndi tizidutswa ta siponji ya jelatini, imene isungunuka yokha patapita milungu, kapena ndi timawaya topota tokhalitsa. Mwazi uundana pamenepo, bala nilileka kukha. Nkhope yosweka kale siicekanso, ndipo ngati mbali zonse ziwiri zikukha, azitseka pa ulendo umodzi.

Otsutsa ati nzeru iyi njacilendo. Tawerengani zaka zace. M'caka ca 1929 dotolo wacinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, analowetsa kapaipi m'mkono mwace kufikira mu mtima wace, m'cipatala cacing'ono ca ku Eberswalde. Akuru ace anamdzudzula, koma m'caka ca 1956 analandira mphotho ya Nobel. M'caka ca 1953 Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden anaonetsa kulowa mu mtsempha ndi singano, kawaya ndi kapaipi, popanda mpeni. M'caka ca 1972 Josef Rösch ndi anzace ku America analemba za wodwala wokha mwazi m'mimba, amene anamtseka mtsempha ndi mwazi wace womwe woundana. Ndipo m'caka ca 1974 njirayi inayamba kugwira nchito pa mwazi wa m'mphuno wosaleka. Cinthu cimene capulumutsa anthu zaka zoposa 50, kodi tidzaciyesa cacilendo kufikira liti?

Atinso njokwera mtengo. Inde, nzoona. Pafunika makina, magetsi osazima, timapaipi togwira nchito kamodzi kokha, ndi dotolo wophunzira zaka zambiri pamodzi ndi anamwino ace. Cifukwa cace sindinena kuti cipatala ciri conse ca kumudzi cikhale nazo. Ndinena za zipatala zazikuru zinai, za ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, kumene obvulala kwambiri atumizidwa. Kumeneko nchito iyi iyenera kupezeka usana ndi usiku, pakuti cakudza siciyimba ng'oma. Ndipo cipinda cimeneco sicitumikira nkhope zokha. Ndi makina omwewo atseka mwazi wa munthu wosweka mafupa a m'cuuno, wa wong'ambika kapamba kapena ciwindi, ndi wa mai wokha mwazi atabala mwana, monga acita kuyambira caka ca 1979. Mai wotere akhoza kupulumuka osacotsedwa cibaliro. Amene awerenga mtengo wa makina awerengenso ana amasiye.

Kunena kuti tiyambe tagonjetsa malungo ndiko kunena kuti tisayambe konse. Sukulu ya madotolo ya ku Blantyre inatsegulidwa m'caka ca 1991, malungo alikobe. Akadamvera mau otere amene anaimanga, tikadatumizabe ana athu onse kunja kukaphunzira udotolo. Mwini nyumba wanzeru saleka kufolera denga cifukwa munda sunathe kupalira. Agawa masiku ndi manja, nacita zonse ziwiri.

Cotsutsa cacitatu ncolemera koposa, ndipo sindicipeputsa: njira iyi iri ndi ngozi zace. Kacidutswa kakasocera kulowa mu mtsempha wa ubongo, munthu akhoza kufa ziwalo. Kakalowa wa ku diso, akhoza kucita khungu. Akatseka nthambi zambiri koposa muyeso, khungu la tsaya kapena lilime lisowa mwazi nilifa. Iriponso mitsempha ya pamwamba pa mphuno yocokera ku mtsempha wa diso, imene dotolo wocenjera saitseka ndi katheta, koma aimanga ndi manja. Zonsezi nzoona. Koma zitiphunzitsa kuti wogwira nchitoyi aphunzire bwino, ndi kuti aicite pokhapokha njira zoyamba zitalephera. Pa ora limenelo dotolo sasankha pakati pa ngozi ndi mtendere, koma pakati pa ngozi ndi maliro.

Ena ati, "Akadabvala cipewa sakadabvulala." Ndigwirizana nao kuti cipewa colimba cophimba ndi cibwano comwe cichinjiriza nkhope pa mtengo wocepa, ndipo yense wokwera njinga yamoto acibvale. Koma mnyamata wagona kale pa mseu, ndipo ciweruzo cathu sicitseka mtsempha wace. Msamariya uja wa m'fanizo la Ambuye sanafunse wobvulalayo cifukwa cace anayenda yekha pa njira ya acifwamba. Anamanga mabala ace, namnyamula, nalipira ndarama za iye mwini kuti amsamalire. Cifundo cosafuna kulipira kanthu ndico cifundo ca wansembe uja wolambalala.

Tsono ife owerenga ticitenji? Mukapeza munthu wosweka nkhope, musamgoneke cagada, angatsamwe ndi mwazi wace. Ngati ali maso, akhale tsonga ndi kuweramira kutsogolo. Ngati wakomoka, mumgoneke cammbali, mutagwiriziza mutu ndi khosi kuti zisapotoke. Musathire dothi kapena zitsamba pa bala, ndipo mupite naye ku cipatala osacedwa. Amene muli ndi thupi lamphamvu, perekani mwazi ku bungwe losunga mwazi, Malawi Blood Transfusion Service, pakuti katheta atseka bala koma sabweza mwazi wotayika. Inu madotolo acinyamata, ena mwa inu asankhe maphunziro awa, nabwere nao kwao. Ndipo aphungu akadza kudzapempha mavoti, muwafunse za zipatala zazikuru, osati za milatho yokha. Akakuyankhani kuti zimenezo nza maiko olemera, muwafunse kumene iwo akadathamangira naye mwana wao atasweka nkhope usiku.