M'mene Kampani ya Geely Inakulira

Ambiri amazizwa kuti kampani ya ku China inatha bwanji kugula Volvo. Tsono mbiri yake ndi iyi. M'chaka cha 1986 Bambo Li Shufu anayamba ntchito ku Taizhou napanga zipangizo za mafiriji, pambuyo pake njinga zamoto, ndipo mu 1998 galimoto loyamba. Boma linawapatsa chilolezo mu 2001. Kampani ya Ford, itapanikizidwa ndi mavuto a chuma a 2008, inagulitsa Volvo kwa Geely mu 2010. Anthu anaopa kuti dzina la Volvo lidzaonongeka, koma Geely inasiya likulu ku Gothenburg, niphunzirako umisiri. Luso limenelo ndilo chuma chimene inafuna, pakuti mafakitale inali nawo kale.