Tisagumule mabwinja monga anachitira ku Sofala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa tsamba lanu lino za mzinda wakale wa Sofala ku Mozambique, poti mbiri yake ili ndi phunziro kwa ife, makamaka mafumu ndi atsogoleri a mipingo.

Sofala linali doko lotchuka pa nyanja yamchere, kummwera kwa Beira. Golide wochokera kudziko lomwe lero ndi Zimbabwe ankatulukira pamenepo, ndipo Aluya ndi Aswahili ankabwera ndi nsalu ndi mikanda kudzasinthanitsa. M'chaka cha 1505 Apwitikizi, motsogozedwa ndi Pêro de Anaia, anayamba kumangapo linga lotchedwa São Caetano. Koma golide atachepa, mchenga nkukwirira doko, zombo zinaleka kukocheza. Beira atayamba kukula cha m'ma 1890, Sofala anasanduka bwinja.

Kufa kwa doko sikundidabwitsa, pakuti malonda amasamuka. Chondiwawa nchakuti anthu anagumula linga lija, natenga miyala yake kukamangira misewu ndi tchalitchi chachikulu ku Beira. Zotsala nyanja yakhala ikumeza. Lero chigawo chonse chimatchedwa Sofala, koma pamalo penipeni palibe zambiri zoti nkuonetsa mwana wasukulu.

Taonani kusiyana kwake ndi Kilwa Kisiwani ku Tanzania, doko lomwe kale linkalamulira Sofala. Nalonso linagwa, koma bungwe la UNESCO linaika mabwinja ake pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1981. Mzikiti waukulu ndi makoma a nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa zikuonekabe, alendo nkumapita kukaona.

Ena adzati mwala wongokhala ulibe phindu, ndipo kumanga nyumba ya Mulungu sikulakwa. Nzoona, komatu miyala ina ikadapezeka, pamene linga lija silidzabweranso. Ena adzati linali la atsamunda. Inde, nchifukwa chake linafunika kusungidwa, kuti likhale umboni wa zomwe anthu akuda anaziona.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno kwathu tili ndi matchalitchi oyamba a mishoni, manda akale ndi malinga a nthawi ya ukapolo. Abusa, ansembe ndi mafumu, chonde musalole anthu kusomola njerwa pamalo otere. Tikafuna kumanga, tiyeni tiumbe zathu.

Wokonda mbiri,
Ntcheu.