Cifukwa Ninji Mkazi wa Pakati Adya Potsiriza?

Pali mwambo wina m'midzi mwathu umene tiutsutsa poyera, ngakhale ena adzatida nao. Nkhuku ikaphedwa, nchafu ndi ciwindi zipita m'mbale ya mwamuna, ndipo mkazi wa pakati, amene adyetsa anthu awiri ndi pakamwa pamodzi, atsala ndi msuzi ndi zipalasiro. Mazira amletsa, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Ena amuuza kuti acepetse nsima, ati mwana angakule nabvuta pobadwa. Ife tinena kuti uku ndiko kumana, ngakhale akuchule mwambo.

Taganizani, abale. Mkazi akatenga pakati mwazi wace ucuruka, pakuti udyetsanso mwanayo. Ndipo mwazi supangika popanda ayironi, amene apezeka m'ciwindi, m'nyama, m'usipa, m'nyemba ndi m'bonongwe. Ayironiyo akasowa, mkazi ayera m'maso ndi m'manja, acita cizungulire, napuma wefuwefu pocokera kumadzi. Tsiku la kubala, mwazi wotayika umene mnzace wamphamvu akadaupirira, iye umlanda moyo. Pamenepo tiyamba kufunafuna mfiti, osayang'ana m'mbale imene tinampatsa.

Nzeru iyi si ya dzulo ai. M'caka ca 1931 dotolo wamkazi, Lucy Wills, pogwira nchito ku Bombay, anaona kuti akazi a pakati osowa mwazi anacira atadya Marmite, cakudya copangidwa ndi yisiti. Cimene cinawaciritsa ndico lero cichedwa foliki asidi, ndipo masamba obiriwira, nyemba ndi mtedza ziri naco. M'caka ca 1991 kunatsimikizika kuti foliki asidiyo acepetsa ana obadwa ndi msana wosatsekeka. Tsono msanawo utsekeka m'masiku 28 oyamba, mwini wace asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Akuru anati m'mera mpoyamba: namwali adye bwino asanalowe m'banja, osadikira kuti mimba ioneke.

Wina adzati, amai athu anatibala osadya mazira. Inde, koma kodi tawerenga awo amene analowa m'cikuta osaturukamo? Nanga ana a m'maiko amene akazi adya mazira tsiku ndi tsiku, kodi abadwa opanda tsitsi? Wina adzati, tiribe ndalama. Nkhuku ziikira pakhonde pathu pomwe, koma mazira tipita nao kumsika, mtedza tiugulitsa wonse osasiya wa nsinjiro, ndipo ndalama zace kawirikawiri zithera kumowa.

M'caka ca 2016 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mkazi wa pakati aonane ndi azamba kosacepera kasanu ndi katatu, ndi kuti amwe tsiku liri lonse mamiligalamu 30 kufikira 60 a ayironi pamodzi ndi mamiligalamu 0.4 a foliki asidi. Mapiritsi awa aperekedwa kusikelo. Asawaike pansi pa mphasa cifukwa ca nseru, koma awamwe atadya. Tiyi asamwere nsima, pakuti aletsa ayironi kulowa bwino m'thupi. Koma lalanje, gwafa kapena malambe zimthandiza.

Inu amuna, ndi inu apongozi amene mau anu amveka pakhomo, mlandu uwu uli kwa inu. Mkazi wa pakati ayambe ndiye kupatsidwa ndiwo. Amene afuna mwana wamoyo adyetse amace.