Livingstonia: Msewu Wafika, Tsono Alendo Adzaonako Chiyani?

Kwa zaka zambiri munthu wofuna kukwera ku Livingstonia kuchokera kunyanja ankayenera kulimba mtima. Msewu wa Gorodi, umene umayambira pa Chitimba, uli ndi makhota 20 okwera phiri, ndipo nyengo ya dzinja galimoto zazing'ono zinkabwerera panjira. Tsopano Boma linamanga msewu wa phula wodzera chaku Rumphi, kotero kuti ulendo umene unali wa anthu owerengeka watseguka kwa onse. Ntchito imeneyi njoyamikika. Koma yadzetsa funso limene akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi ayenera kulilingalira bwino: kodi zimene alendo akudzera zidzakhalapobe?

Chuma cha malowa chili pawiri. Choyamba ndi chilengedwe. Mudziwu uli pamwamba pa phiri la Khondowe, pamene munthu amaona nyanja ili tambalale pansi pake, ndipo kukacha bwino amaonanso mapiri a tsidya lija. Pafupi pomwepo pali mathithi a Manchewe, amene madzi ake amagwa mamita 125, ndipo kuseri kwake kuli phanga m'mene Aphoka ankabisala pothawa nkhondo. Chakumadzulo kuli Nyika, imene inakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa ya dziko mu 1965.

Chachiwiri ndi mbiri. Amishoni a ku Scotland anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881 chifukwa cha malungo, ndipo mu 1894 Dotolo Robert Laws anakhazika mishoni pa Khondowe. Nyumba yamiyala yotchedwa Stone House, yomangidwa mu 1903, lero ikusunga zinthu zakale za nthawi imeneyo. Sukulu ya Overtoun inaphunzitsa anthu onga Levi Mumba, amene anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, ndi Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la antchito ku Cape Town mu 1919. Mu 1959, pa nthawi ya chipwirikiti, Boma la atsamunda linafuna kuchotsako Azungu poopa kuti aphedwa. Koma anthu a pamishoni, akuda ndi oyera, anayala pabwalo mawu akuti Aefeso 2:14 kuti ndege iwaone, kutanthauza kuti sadzalekana.

Vuto lake nlakuti chuma chonsechi nchosachedwa kuwonongeka. Nyumba za zaka zoposa 100 zimafuna amisiri odziwa kukonza denga ndi khoma popanda kusintha maonekedwe ake, ndipo ntchito yotere imadya ndalama. Mathithi nawonso amadalira mitengo ya kumtunda kwa mtsinje. Mitengo ikatha ndi nkhwangwa, madzi amachepa m'chilimwe ndipo nthaka imagumuka m'dzinja. Msewu wabwino umene umabweretsa mlendo ndi womwewo umene ungatulutse makala ndi matabwa mofulumira.

Palinso nkhani ya udindo. Nyumba za mishoni zili m'manja mwa Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, imene inatsegulanso yunivesite pamalopo mu 2003. Lamulo loteteza zinthu zakale lili m'manja mwa Boma, ndipo minda ndi nkhalango zozungulira zili pansi pa mafumu. Aliyense wa atatuwa akayembekeza mnzake, denga lidzadontha kufikira litagwa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, amatchula ntchito yokopa alendo ngati njira ina yotukulira dziko. Koma mawu a papepala sakhoma msomali.

Chofunika tsono nchoonekeratu. Gawo la ndalama zimene alendo amapereka liyenera kubwerera ku nyumbazo ndi ku midzi yozungulira, pakuti munthu amene amagulitsa nthochi, khofi kapena uchi kwa mlendo sadzalola kuti nkhalango ipse. Anyamata ndi atsikana a komweko aphunzitsidwe mbiri yoona, kuti akhale operekeza alendo odalirika. Ndipo aphunzitsi, amene tsopano angathe kufikako pa galimoto wamba, atengereko ana a sukulu. Mwana amene waimirira pabwalo la 1959 ndi kumva zimene zinachitikapo sadzasowa chifukwa chotetezera malowo akadzakhala pa mpando wa Boma.