Mlandu wa Bilimankhwe pa Diamphwe

Mwana wa ku Nathenje kapena ku Mitundu akakumana ndi bilimankhwe panjira ya ku dimba m'mbali mwa Diamphwe, amayamba wafunafuna mwala. Ena amamutsegula kukamwa ndi kamtengo n'kumuthira fodya, namaseka pamene nyamayo ikuda ndi kufa. Akafunsidwa, ati ndiye adadzetsa imfa.

Nthano yake njodziwika. Chauta adatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzauka. Iye adanyamuka ndi kayendedwe kake ka mwendo umodziumodzi, buluzi n'kumupitirira, nafika msanga ndi uthenga wakuti wafa wafa. Tsono wonyamula imfa adali buluzi. Bilimankhwe adanyamula moyo, adangochedwa nawo. Koma lero buluzi amaothera dzuwa pankhokwe popanda womulonda, gulo n'kumagwedeza mutu pamtengo ngati nyakwawa pabwalo, pamene mthenga wa moyo ndiye aponyedwa miyala. Mlandu umenewu udazengedwa mokhota.

Diamphwe amachokera m'mapiri a Dzalanyama, komwenso kuli Kaphirintiwa, pamene makolo ankati anthu oyamba adaponda thanthwe lidakali lofewa. Nthano ya kumeneko imati munthu atapeka moto nkhalango idapsa, bilimankhwe napulumukira pamwamba pa mtengo. Moto wa masiku ano ndi wa makala, ndipo udadya Dzalanyama mpaka mu 2015 boma lidatumiza asilikali kukalonda nkhalangoyo. Nanga mtengo wothawirapo ukatha?

Yankho lili ku Nsanje. Pa mapiri a Malawi Hills pali kabilimankhwe kosaposa chala kutalika, kamene akatswiri adakalemba koyamba mu 1992, ndipo kwawo kwenikweni ndi pomwepo basi. Nkhalango yake itadulidwa pafupifupi magawo 80 mwa 100 kuyambira mu 1984, ambiri adayesa kuti kadatha. Mu 2016 ofufuza adakapezanso usiku ndi nyali, m'tizigawo ta nkhalango totsalira pakati pa minda. Anthu adachoka kutali kudzafuna chimene mwana wakumudzi akadachiphwanya ndi chidendene. Ngakhale mtundu wina wa pa phiri la Mulanje adaupatsa dzina lakuti Nadzikambia mu 2006, kuchokera ku liwu la Chichewa lija, nadzikambe. Azungu adalemekeza dzina limene eni ake amalitchula akulavula malovu.

Bilimankhwe wa ku Diamphwe sanasowe chotero, koma wa ku Nsanjenso adali wambiri nkhalango idakalipo. Alibe ululu, ndipo chakudya chake ndi ziwala ndi ntchentche. Agogo ofotokoza nthano madzulo ayenera kuimaliza bwino, anene poyera amene adathamanga ndi imfa. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mdzukulu wodekha pamaso pa bilimankhwe adzaona diso lina likuyang'ana kutsogolo, lina kumbuyo, ndi lilime lotalika ngati thupi lonse likutola chiwala patsamba la nandolo.