MONI AYAMBE, FONI IBWERE PAMBUYO

Anzanga a pa Kachulu, a ku Mchenga, a pa Chisi ndi nonse amene munakulira m'fungo la matemba, ndabweranso. Uthengawu ndi wautali ngati kale, mundipirire. Amene bandulo yatsala pang'ono musadandaule, muno mulibe vidiyo, ndi mawu okhaokha.

Lero ndati tikambirane za khalidwe lojambula anthu osawadziwa. Ndiyamba ndi zimene zinawachitikira ababa anga, kenako ndiulula zimene ndinachita ine mwini, chifukwa nane sindine woyera pa nkhaniyi.

Mukukumbukira 2018 nyanja itaphwa. Ngalawa zinangoti mbwee pamatope ong'aluka, anthu akupita ku Chisi wapansi, ena pa kabaza. Nthawi imeneyo alendo a makamera anachuluka padoko. Tsiku lina ababa anakhala m'mphepete mwa bwato lawo akusoka ukonde, ngakhale madzi oponyamo ukondewo kunalibe. Panaima galimoto. Anatsika anthu atatu, mmodzi anagwada kutsogolo kwawo, phaa phaa phaa, nkudzuka, nkukwera galimoto, ulendo. Osati moni. Osati zikomo. Ababa anangotsala chipewa chili m'manja, chifukwa iwo anali atavula kuti alonjere alendo.

Patapita miyezi, msuweni wanga wa ku Joni ananditumizira chithunzi chimene anachipeza pa Facebook. "Aise, awa si amalume?" Analidi iwo. Pansi pake analembapo m'Chingerezi kuti msodzi wosauka amene wataya chiyembekezo. Dzina panalibe. Nditawamasulira ababa, anakhala chete, kenako anati, "Mwana wanga, ndikanataya chiyembekezo ndikanasoka ukonde wa chiyani?"

Taonani pamenepo. Bambo ameneyu anaiona nyanjayi ikuphwa mu 1995, anaionanso ikubwerera. Akudziwa kuti Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi, amadalira zimene Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina yamubweretsera, ndipo mvula ikagwa bwino amadzadzanso. Ankasoka ukonde chifukwa ankadikira madzi. Wojambula uja akanangokhala pansi mphindi khumi zokha, akanamva zonsezi. Koma anatenga nkhope nkusiya munthu, ndipo nkhani anakapeka yekha ali m'galimoto.

Musaganize kuti ndi ife tokha a kumudzi amene zimatichitikira. Ku America kuli chithunzi chotchuka kwambiri chimene mayi wina wojambula, Dorothea Lange, anajambula mu 1936 ku Nipomo, m'chigawo cha California, nthawi ya umphawi waukulu. Ndi mayi wa nkhope ya nkhawa, ana atamutsamira m'mapewa. Chithunzicho chinazungulira dziko lonse, koma wojambulayo anavomera yekha kuti sanawafunse mayiwo dzina. Zinatenga zaka zoposa 40 kuti dziko lidziwe kuti anali Florence Owens Thompson, ndipo atapezeka mu 1978 anadandaula kuti chithunzicho sichinawapindulire kanthu. Ndiye bala limeneli ndi lakale, ndipo silisankha khungu.

Tsopano ndibwere kwa ife. Kale tinkaloza chala alendo chifukwa makamera anali awo okha. Lero foni ili m'thumba mwa aliyense, ndipo zimene tikuchitirana tokhatokha zikuposa za alendo aja. Woledzera wagwa pa Jali, tajambula. Munthu wodwala misala akudya m'bini, tajambula. Mayi akukangana ndi kondakitala chitenje chamasuka, tajambula, taponya pagulu, timitu toseka mbwee. Ngozi ikachitika, m'malo mogwira wovulala, manja onse ali pa foni, ndipo abale amamva za maliro pa sitetasi ya munthu wosamudziwa.

Yanga ndi iyi. Chaka chatha ndinakwera matola kuchokera ku tauni ya Zomba kubwera kunyanja. Moyang'anizana nane munali mayi wachikulire atagona tulo, kukamwa kuli yasa, dengu lopanda kanthu pamiyendo. Ndinawajambula, nkuika pa sitetasi ndi mawu akuti "Geni ikavuta." Anzanga anaseka, nane ndinamva kukoma. Madzulo ake mnyamata wina amene tinaphunzira limodzi ku pulayimale anandiimbira. Sanakalipe. Anangoti, "Amwene, amene mwawaika aja ndi azakhali anga. Agona pansi m'chipatala masiku asanu akudwazika mwana wawo. Mwanayo wamwalira dzulo. M'dengu muja munali zakudya za wodwala."

Ndinafufuta nthawi yomweyo, koma anthu oposa makumi asanu anali ataona kale, ena atasunga. Ndinapita kumaliro kukapepesa. Mayiwo sanandiyankhe zambiri, anangoti, "Mwanangu, ukanandidzutsa nkundifunsa." Usiku umenewo ndinazindikira kuti ndinachita ndendende zimene anthu a galimoto aja anawachita ababa. Ndinatenga nkhope, nkhani ndinapeka ndekha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma ine chinandipeza ndili mbali ya wolakwa.

Wina anena kuti, "Ndiye tisiye kujambula anthu eti?" Ayi ndithu. Ine ndikufuna tizijambula kuposa mmene tikuchitiramu. Tadzifunseni: ndani mwa ife ali ndi chithunzi cha anganga ake ali m'bwato? Ndani ali ndi chithunzi cha nyanja itaphwa mu 1968? Kale wojambula ankabwera pa njinga mwa apo ndi apo, mumalipira theka, nkudikira masabata kuti akatsuke ku tauni. Anthu ankajambulitsa pa Khirisimasi, pa Idi kapena paukwati, atavala zakutchalitchi. Palibe ankawononga ndalama kujambula munthu akuluka mono kapena akuwamba mlamba. Ndiye moyo weniweni wa makolo athu unapita osasiya chithunzi, ndipo zochepa zimene zilipo zili m'manja mwa alendo. Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe. Funso ndi lakuti tiugwiritsa ntchito posekana kapena posungana.

Ndikuuzeni zimene zinachitika nditasintha kachitidwe. Mwezi wa June ndinapeza bambo wina wokalamba padoko akudikira boti la ku Chisi. Sindinkawadziwa. Foni ndinaisiya m'thumba, ndinawapatsa moni, nkukhala pansi chapafupi. Tinayamba ndi mtengo wa makumba, tinafika pa mwera, kenako iwo okha anayamba kufotokoza za 1968, ali mnyamata, mmene anthu anasiyira ngalawa nkuyamba kulima pamene panali madzi, ena nkusamukira ku nyanja zina. Anandiuza za zaka zimene anakhala m'zimbowera pakati pa njeza, kuphika, kugona ndi kuyanika nsomba pamwamba pa madzi, miyezi osaponda mtunda. Anandiuzanso za anzawo amene kolera inawatengera komweko chifukwa madzi akumwa ndi chimbudzi zinali nyanja imodzi yomweyo, ndi mmene katemera wakumwa anafikira kwa asodzi a m'zimbowera mu 2016. Zinthu zimene sindinaziphunzire m'kalasi ina iliyonse.

Patatha ola ndi pamene ndinati, "Anganga, mungandilole ndikujambuleni kuti ndizikukumbukirani?" Anaseka. Anati ndidikire. Anakonza kolala ya malaya, nkunyamula nkhafi yawo kuti ionekenso. Nditawaonetsa anati ndijambulenso chifukwa anatsinzina. Chachiwiri anachikonda. Ndinatenga nambala ya mdzukulu wawo nkumutumizira. Mwezi wathawu mdzukuluyo anandilembera kuti anganga aja anatisiya, ndipo chithunzi changa chija ndi chokhacho chimene banja lonse lili nacho kupatula cha pa chitupa cha unzika. Anakachitsukitsa ku tauni, chili pakhoma.

Foni yake ndi yomweyo imene ndinajambulira mayi a m'matola aja. Chinasiyana ndi moni basi.

Ku New York kuli mkulu wina, Brandon Stanton, amene mu 2010 anayamba kujambula anthu osawadziwa m'misewu, ntchito imene anaitcha Humans of New York. Poyamba cholinga chake chinali kungojambula anthu 10,000. Koma ntchito yake inatchuka atayamba kucheza nawo nkumalemba mawu awo pansi pa chithunzi. Anthu mamiliyoni amamutsatira chifukwa cha nkhanizo. Iye anachita kutulukira ali wamkulu chinthu chimene ife tinaphunzitsidwa tili ana: sudutsa munthu osamupatsa moni, ndipo sufunsa njira usanafunse za moyo. Nanga bwanji foni ikalowa m'manja mwambo umenewu timausiya pansi?

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Wina ati, "Ukapempha, munthu amauma ngati chipilala, chithunzi sichikoma." Zoona, ngati wapempha mphindi yoyamba. Koma cheza naye kaye, amasuke, abwerere ku ntchito yake, upeza chithunzi chabwino kuposa chobera. Wina ati, "Pamsika ndi pagulu, palibe mwini." Msika ulibedi mwini mmodzi, koma nkhope ili ndi mwini wake. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 19 ndi gawo 21, amateteza ulemu wa munthu ndi chinsinsi chake, ndipo kuyambira 2016 tili ndi lamulo loona za pa intaneti limene limaletsa kuzunza kapena kunyoza anthu kudzera pa makina ngati mafoniwa. Komabe ine sindikufuna tiziopa apolisi. Ndikufuna tizichita manyazi tisanafike kumeneko.

Winanso ati, "Ukawapempha amafuna ndalama." Nanga alakwa? Anthu a m'mbali mwa nyanja muno ajambulidwa kambirimbiri ndi anthu olonjeza thandizo limene silinafike, ndiye anaphunzira kuti nkhope zawo zimadyetsa ena. Auzeni zoona: chithunzichi ndikufuna ndichite nacho chakuti, sindigulitsa. Ngati ndi mayi wa geni, mugulenipo mulu wa matemba kapena zitumbuwa. Akakana, mwatayapo chiyani? Mwacheza, mwadziwana, mawa mudzapatsana moni.

Palinso chitetezo chanu chomwe. Kumbukirani 2017, mphekesera za anamapopa zitavuta ku Mulanje ndi kwa anansi athu ku Phalombe. Anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Mlendo woloza anthu ndi kachipangizo asanadzifotokoze amadziika yekha pamoto. Safunsa anadya phula. Mukafika mudzi wa eni, yambani mwaonekera kwa amfumu kapena kwa a komiti ya padoko.

Ndiye pempho langa ndi ili, anzanga. Moni ayambe. Nenani dzina lanu ndi kwanu, mufunsenso lawo. Mverani kaye. Pemphani musanatulutse foni, ndipo nenani kumene chithunzicho chikupita, chifukwa kulola kujambulidwa si kulola kuikidwa pa Facebook. Mukajambula aonetseni, akati fufutani, fufutani iwo akuona. Mwana musamujambule popanda kholo lake. Wodwala, woledzera, wamisala, wovulala pangozi, woferedwa ndi amene akusamba kunyanja, amenewo asiyeni, chifukwa sangathe kukuyankhani momasuka. Mukalemba mawu pansi pa chithunzi, akhale amene mwiniwake ananena, osati amene mwaganiza inu. Ndipo chithunzicho chibwerere kwa mwini wake, kaya pa foni ya mdzukulu, kaya chapapepala.

Nyanja yathuyi imapita nkubwera, koma akuluakulu amene akuidziwa akapita sabwerera. Sabata ino aliyense apeze munthu mmodzi amene amangomudutsa tsiku ndi tsiku osamudziwa dzina: wopalasa boti, mayi woyanika matemba pathandala, wa kabaza, wokhoma ngalawa. Khalani naye pansi. Akalola, mujambuleni, mutitumizire pagulu pano pamodzi ndi mawu ake.

Ine ndayamba ndi ababa. Dzulo ndawajambula ndi ukonde womwe uja ankasoka mu 2018, wakalamba koma ukugwirabe. Ndinawafunsa kuti pansi pake ndilembe chiyani. Anati, "Lemba kuti madzi anabwera."

Tumizirani anzanu a m'madoko ena. Amene simukugwirizana nane, yankhani, tikambirane.